Ulusi

Lolemba m'mawa, m'chipinda chonunkha fomalini,
a Likongwe anandiika m'manja ubongo wa munthu.
Gwira bwino, Esinala, anatero,
ameneyu anali ndi ngongole zake ndi nyimbo zake.
Unkalemera kuposa paketi ya shuga,
wotuwa, wamakwinya ngati chitenje
chogona m'chikwama ulendo wonse wa ku Nsanje.

Pakati pake pali chigwa
chochokera pamphumi mpaka kunkhongo,
mbali iyi, mbali iyo,
ngati Bulantaya ndi Limbe, mzinda umodzi wa mitima iwiri.
Ndinakanula pang'ono ndi chala:
pansi pa chigwacho pali mlatho woyera,
mitsempha miyandamiyanda yolukana,
mauthenga akuwoloka usana ndi usiku
popanda wapolisi wowaimitsa.

Kumphumi n'kumene timalinga zamawa
ndi kudziletsa kutukwana kondakitala.
Kunkhongo n'kumene maso amatula katundu wawo.
Ndinalemba zonse. Mayeso ndinakhoza.

Zimene sizinalowe m'kope ndi za Lachisanu lija
atate atagwa pakhonde la sitolo ku Ndirande,
phazi likadali pachopondera makina,
kolala ya yunifomu ya mwana wa eni itasokedwa theka.

Ku Kwinzi anatiwonetsa chithunzi cha m'mutu.
Kadontho kakuda, ngati nthanga ya bwemba,
kumanzere.
Amayi anakana: Mwachitembenuza, adokotala,
mkono wafa ndi wamanja uwu, wogwira sizasi.
Ndine ndinawakhazika pabenchi n'kuwauza
kuti njira za m'mutu zimapingasana potsika,
mbali yamanzere imaweta dzanja lamanja,
yamanja n'kumalera lamanzere,
ngati apachibale osinthana ana.
Anakhala chete, kenaka anati:
Ndiye kuti Mulungu ndi telala,
amasokera chovala kunkhwipa.

Mawu nawo amagona kumanzere komweko.
Atate, amene ankanenerera mtengo wa suti
mpaka kasitomala kulipira akuseka,
atsala ndi liwu limodzi: ulusi.
Madzi ndi ulusi. Ululu ndi ulusi.
Ine, chisamba chawo, ulusi.

Koma Lamulungu amayi a mvano analowa m'wodi
nayambitsa nyimbo pabedi la wina,
ndipo pansi pa mawu awo ndinamva besi yoidziwa.
Atate!
Ndime yonse, osaphonya liwu,
kukamwa kopotoka, dovu likutsika pachibwano,
mbali yamanja itasenza mtolo wa inzake
monga mnansi amakutungira madzi pamaliro.
Nyimbo itatha ndinawerama: Ababa, ndine yani?
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Ulusi.

Masiku ano ndikaweruka ndimakwera minibasi pa Jinale,
ndimawapeza pakhonde, makina atafunditsidwa nsalu,
phiri la Ndirande likuda kumbuyo kwa malata.
Ndinasiya kufunsa. Ndimaimba.
Dzina langa ndimalikweza pachuni,
E-si-na-la, kukwera, kutsika,
ndikugogoda dzanja lawo lamanzere pabondo,
kamodzi pa phatikizo lililonse.
Amayi amati tikusewera ngati a sukulu yamkaka,
koma ndimawaona ataima pazenera, mbale ili m'manja.

Dzulo atate anafika pa Esi, n'kuima,
ngati munthu wofika paulalo wa Nasolo mvula itagwa,
akuyesa thabwa ndi chala cha kuphazi,
madzi akulira pansi.
Lilime langa linayabwa kuti ndiwamalizire.
Ndinaliluma.
Ndinakhala tsidya lino, dzanja lawo lili m'langa,
kudikira.