Pansi pa Njanji ya ku Osaka

Kashopu ka bambo kali pansi pa njanji ku Tsuruhashi,
komwe utsi wa nyama yowotcha umalowa ngakhale zenera lili chitsekere.
Sitima ikadutsa pamwamba, mabotolo amagundana mano.
Bambo amati nzabwino zimenezo,
kugwedezako kumathamangitsa thovu mumphira.

Kachidole ka lero nkotalika ngati chala changa chapakati:
mayi wogwira ambulera, phazi limodzi patsogolo,
khosi atasolola, kusuzumira sitima yochedwa.
Bambo anakaumba zaka zisanu ndi zinayi zapitazo
ndi singano ndi kamtengo kotokosera m'mano,
manja awo asanayambe kunjenjemera.
Masiku ano amangokhala pampando, kugwira ntchito ndi maso.

Ndimamugoneka chagada m'dongo,
theka kumira, theka kuonekera,
ndimamanga mpanda wa timatabwa,
ndi kuboola timaenje ndi thako la pensulo
kuti mbali ziwirizi mawa zidzadziwane.

"Sumire, usathamange. Yeza kaye."
Magalamu zana a mphira yoyera, madontho a mankhwala oumitsa,
kutakasa mpaka mkono kuwawa.
Kenako kuthira ndili chiimire, kuchokera m'mwamba,
kamtsinje kopyapyala ngati ulusi,
osati pankhope pake, koma pakona,
mphira ikwawe yokha,
ikwere m'mapazi, ilowe m'makwinya a chikhoti,
imufike pachibwano, pamphuno,
kenako zii.

Pamenepa bambo amayang'ana kumbali. Nthawi zonse.

Mphira imagona usiku wonse.
M'mawa kutembenuza, kukanganula dongo, kupaka mafuta.
Ukaiwala mafuta, mbali ziwirizi zimakumbatirana osalekana
ndipo wam'katiyo umachita kumufukula ndi mpeni.
Ndinaiwalapo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu:
kavalo wa a Kuwabara anatuluka wopanda khutu,
sabata yathunthu bambo osandiyankhula.

Tsiku lachitatu ndimang'amba chikombole ngati chipatso.
Ndikamuchotsa, patsala malo ake,
dzenje lokhala ndi mphuno, mabatani, ambulera,
zonse zilipo koma mwini wake.
Ndi lumo ndimadula tinjira ta mpweya,
kena kunsonga ya ambulera, kena kuchidendene,
poti mpweya ukasowa potulukira umadya chala kapena diso.

Kumanga ndi malamba, kuthira utomoni.
Chikombole chimafunda m'manja ngati dzira longoikiridwa kumene.
Mphindi khumi, uyo watuluka,
woyera mbee, msoko woonda kumuzungulira thupi.
Ndimaupala pang'onopang'ono.
Wachiwiri. Wachisanu. Wachikhumi ndi chiwiri.
Thebulo ladzaza amayi odikira sitima imodzi.

Ogula ndi aja okonda tisitima toseweretsa.
Amakamuimika pamasiteshoni awo a pathebulo
ku Sapporo, ku Nagoya, m'zipinda zomwe sitidzalowamo.
Sadziwa kuti dzina lake ndi Chizuru,
kuti ankadana ndi mvula,
kuti ankandimanga tsitsi molimba mpaka misozi.
Sadziwa kuti timizere ta kumsana kwa chikhoti
si nsalu, ndi chidindo cha chala cha bambo
chomwe mphira inakana kuiwala.

Koma nayo mphira imatopa.
Akamakwana makumi atatu, timizere tija tafufutika,
mlomo wasalala, maso achita nkhungu,
ayamba kufanana ndi mayi wina aliyense.
Bambo amamunyamula, kumuyandikitsa ku nyale,
dzanja likunjenjemera, ambulera ikunjenjemera.

"Uyu sindikumudziwa. Dula chikombolecho."

Ndimachidula tizidutswa, tidzadzazira m'makona mwa china.
Ndimatsegula kabokosi ka thonje
momwe woyamba uja amagona,
ali ndi kamng'alu pakhosi komwe chaka chatha kanalibe.
Sitima ya hafu pasiti sikisi ikudutsa.
Ndikukanda dongo.