Tepi ya Telala wa pa Ulongwe

Tepi ndili nayo imodzi,
yachikasu, yofufutika pa nambala sikisite.
Ndimapimira mkwati, ndimapimiranso wondithawa ndi ngongole,
pano pakhonde, pamsika wa Ulongwe,
pomwe fumbi la mashapa limagona pa singano.

Chaka chija Lifidzi adadzuka usiku
nanyamula kachewere ndi mizere yomwe,
pulezidenti wa nthawiyo adatera atapita masiku asanu ndi anayi.
Mphepo ya ndege yake idaulutsa malata
amene namondwe adatisiyira.

A Fulujensiyo, omwe nkhope ya bwanayo ndidawasokera pamsana,
adati: "Mvula n'ja Mulungu.
Mumafuna munthu aitchinge ndi chikhatho?
Mwini ana ambiri safika khomo lililonse m'mawa."
A Kandido adawerenga masikuwo pa zala,
chidatsala chala chimodzi, nachiloza kumwamba:
"Galu wanga wa miyendo itatu akadafika kale!
Bulangete limodzi anthu asanu,
kodi tifunde mosinthana ngati mkondo wa pa chimbudzi?"
Ine ndidangoponda makina.

Zaka zapita. Mpando wasintha mwini.
Nkhope ina tsopano ili pa kapulana,
ndipo ndi a Kandido adabwera nayo m'khwapa:
"Pamphuno pasadutse msoko, amisiri."

Lifidzi sadamve za masankho.
Wadzukanso Lachitatu lija, nthawi yomweyo,
wakwera mpaka pa chipsera chake chakale
pakhoma la sukulu.
Masiku asanu ndi anayi. Ndege. Malata m'mwamba.
Bulangete limodzi anthu asanu,
mtundu wokha ndiwo wasintha, lija linali lotuwa.

Dzulo akumana pabenchi langa.
A Kandido: "Mvula n'ja Mulungu, abale."
A Fulujensiyo atambasula zala.
Ndidayang'ana pansi pa thebulo
kuti mwina wina wasiya mawu ake akale
ngati buluku lodikira chigamba.
Ayi ndithu, adangobwerekana,
ndipo aliyense zidamukwana bwino lomwe
popanda ine kubweza m'chiuno.

Tepi yawo ndi ya mphira.
Ikamapima wathu imatamuka,
sabata nkukhala dzulodzulo;
ikamapima wawo imakhwinyata,
ola limodzi nkukhala mlandu wa kunyonga.
Ndikadakhala nayo yotere
bwenzi theka la Angoniya likuyenda mwendo wina waufupi.

Ali mkati mokangana adafika mai Anastaziya,
matope mpaka m'mawondo, m'manja muli chingwe cha luzi
chomangidwa mfundo kumapeto.
Sadapereke moni.
"Kutalika kwake ndi uku.
Tamupeza m'bango, kumunsi kwa mlatho."

Ludesi. Yunifolomu yake ndidasoka ndine mu Januwale,
ndidasiya mpendero waukulu dala
kuti akakula tidzangomasula.

Nsalu yoyera idatha Lolemba, maliro achuluka.
Ndidafukula m'thumba la zidutswa:
theka la nkhope yakale ija, theka la yatsopanoyi,
khutu la uyu, tayi wa uyo.
Ndidalumikiza, msoko udadutsa pamphuno zonse ziwiri,
ndipo palibe adadandaula.
Maso awo ndidawalozetsa mkati
kuti amuone mwanayo, ngakhale mochedwa.

A Fulujensiyo adavula chipewa.
A Kandido adafunsa ngati pali khasu lina.
Akuti kumanda adakumba dzenje limodzi,
wina pansi wina pamwamba, kulandizana dothi,
osatchula dzina la munthu wa ku Maputo.

Sindinama kuti zatha.
M'mawa uno ndawamva kale pa wayilesi ya wogulitsa mabatire,
wina akuti thandizo lafika msanga,
wina akuti msanga wake uti.

Chingwe cha luzi chija ndachikoleka pa msomali,
pambali pa tepi.
Ndachipima kawiri, m'mawa ndi madzulo:
mita imodzi ndi masentimita khumi ndi awiri.
Sichikutamuka.