Mizu ya Mayi Shen

Linali tsiku lachiwiri ndili kumwezi.
Ndinagwada kuseri kwa mabelo a thonje,
tsache lili potero,
chinena chikupotokola
ngati wina akufinya chitenje chonyowa.
Makina a pajinale ankangolira,
fumbi loyera likutera m'tsitsi langa
ngati ndakalamba m'mawa umodzi.

Mayi Shen, owerengera ndalama,
amene zaka ziwiri sitinauzanepo kanthu
koposa moni ndi zikomo,
anandipeza pamenepo.
Sanafunse. Akanafunsa m'chiyankhulo chanji?
Anaika zala zitatu pamtsempha wa dzanja langa,
maso ali kudenga,
ngati munthu womvetsera sitima ya ku Chipoka isanaoneke.
Kenako anatulutsa lilime lawo
nalozera langa.
Ndinaseka. Kusekako kunawawa.

Poweruka anandipatsa kajumbo:
timizu todula mopyapyala ngati makaka,
tizipatso tofiira tokwinyika,
jinja wouma, ndi kapepala
ka zilembo zonga mapazi a nkhuku pamatope.
Anaimika zala: madzi makapu atatu,
itsale imodzi.

Ku Kaphatenga mlamu wanga Asiyatu ananunkhiza,
nakwinya mphuno.
"Mitengo yathu yatha kodi,
kuti uzimwa ya eni?"
Ndinati, Asiyatu, ya kwathu ndinamwa,
mphini zili m'chiunomu, werenga.
Panado ndameza mpaka wapagolosale
amangotulutsa ndisanayankhule.
Ankati ukadzabereka cham'mimba chidzatha.
Ndabereka awiri.

Ndinawiritsa pambaula ana atagona.
Zinawawa, kenako zinatsekemera pang'ono kukhosi.
Sindinganame kuti ndinachira.
Usiku umenewo ndinagona chowongoka, basi,
kaya ndi mizuyo,
kaya ndi kapu yotentha yomwe ndinaikhazika pamchombo,
kaya n'chifukwa choti wina anandiona.

Mwezi wotsatira nyanda zinachulukabe,
zoyanika m'nyumba, pansi pa nsalu ina.
Mayi Shen anakoka chikope changa,
naona kuyera kwake,
napukusa mutu.
Ulendo uno sanatsegule kabati ya mizu.
Anajambula mtanda papepala,
nandifumbatitsa ndalama ya kabaza.

Kuchipatala cha boma anandipaka mafuta ozizira pamimba.
Pagalasi panaoneka mtambo.
Chotupa, anatero, chachikulu ngati ndimu,
mubwerenso pa seveni.
Namwino anafunsa zomwe ndakhala ndikumwa.
Ndinamupatsa kapepala kaja.
Anakatembenuza, nakatembenuzanso,
osadziwa kumutu n'kuti,
nati, musiye kaye mpaka adokotala akaone.

Thonje litatha Mayi Shen anabwerera kwawo.
Sitinatsanzikane, ndinali kuwodi.

Kapepalako kali m'buku langa lachipatala,
pakati pa tsamba la sikelo ndi la mpeni.
Asiyatu akuti ndi mayina a mitengo chabe.
Mwina.
Koma pansi penipeni pali tizilembo titatu
toima patokha,
ndipo dzina langa ndi Dolika,
lomwe iwo ankalidula patatu poitana
ngati akudula muzu.