Mutu wa Mwezi Uno

Loweruka lomaliza la mwezi
timakumana kuseri kwa shopu ya Twaibu pa Kamuzu Road,
pomwe amakonzera mafoni osweka magalasi.
Tilipo asanu ndi awiri, kamera yeniyeni ndi imodzi,
ya a Kapalamula, anabwera nayo mlamu wawo kuchokera ku Joni,
kachitseko ka batire amakamanga ndi labala.
Ena tonsefe timajambula ndi foni,
diso lake timapukuta ndi mpendero wa malaya.

Mutu wa mwezi uno unali kudikira.

Anayamba Bwanali: akabaza khumi pansi pa mtengo wa nimu,
atatsamira zishalo, maso onse ku msewu wa ku Lilongwe.
"Chili bwino," anatero a Kapalamula, "koma wawadula miyendo.
Munthu wodikira amadziwika ndi mapazi."
Bwanali anati kutsogolo kunadutsa mbuzi.
Tinaseka. Foni inayenda dzanja ndi dzanja
ngati mbale ya chopereka.

Ndaziona anajambula mzere wa mafuta,
zigubu zachikasu, njinga zamoto zitazimitsidwa.
"Dzuwa linali kumaso kwako," anatero Twaibu,
"taona, anthu onse asanduka makala."
"Ndawapeza ali makala kale," anayankha,
"ali pamenepo kuyambira dzulo."

Mphunzitsi wa ku Chipoka anabweretsa mango osapsa
ali lende mumtengo.
Tinakangana mpaka zakumwa zinafunda:
kodi mango amadikira,
kapena wodikira ndi mwana amene sakuonekayo,
ali pansi, mwala uli m'manja?

Kenako changa.

Benchi ya simenti kunja kwa chipatala,
khoma lopaka laimu, mthunzi wa zenera.
Palibe munthu.

"Chapendekeka," anatero a Kapalamula,
napendeketsa mutu wawo kuti achiwongole.
"Dzanja linanjenjemera," anatero Twaibu.
"Ukanatsamira khoma, n'kugwira mpweya."
Bwanali anati, "Nanga wodikirayo ali kuti?
Mutu sunali wakuti benchi."
Tili ndi lamulo limene palibe amalisunga,
loti mwini chithunzi asayankhe
mpaka foni itabwerera m'manja mwake.
Tsiku limenelo ine ndinalisunga.

Asiyatu sayankhulayankhula.
Anatambasula chithunzi ndi zala ziwiri,
anatsika khoma, anadutsa benchi,
anaima pansi pake, chakumanzere,
pomwe mdima unatsala pang'ono kumeza
kontena yokulungidwa m'chitenje chobiriwira.
"Mfundoyi sinamasulidwe," anatero.
"Ikadali momwe anaimangira kunyumba."
Anakweza maso.
"Phalali linali la ndani?"

Sindinanene kuti ndinadzuka tambala asanalire,
kuti ndinathiramo nsinjiro zambiri
chifukwa ababa ankadandaula kuti ndimaumira,
kuti nesi anati, khalani kaye pabenchipo, tikuitanani,
kuti ndinawerenga nyerere pa simenti
mpaka anandiitana ndi dzina langa lonse.
Sindinanene kuti potuluka
ndinasowa chochita ndi manja angawa,
ndiye ndinatulutsa foni.

Pamsewu panadutsa lole ya thonje,
fumbi linatera pa magalasi a mafoni a eni ake.
Palibe anakhosomola.

A Kapalamula anavula mandala awo,
anawapukuta nthawi yaitali kuposa fumbilo.
"Usachiwongole," anatero.
Anawavalanso, anasuzumira kachiwiri.
"Koma kuwala kwa pakonapa kwachuluka.
Chimenecho ndiye ndinena."

Twaibu anang'amba katoni ya matchaja,
analemba mutu wa mwezi wamawa: zitseko.
Bwanali anafunsa ngati geti ikuloledwa.
Mkangano unayambiranso.

Ine ndinaitana kabaza wa mapazi onse awiri,
ndinakwera, tinalowera njira ya ku Kaphatenga.
Foni inali m'thumba la pachifuwa,
ikadali yofunda
ndi manja a anthu asanu ndi mmodzi.