Kamtima Kofiira pa Kalendala

Tsiku loyamba la mwezi, pa kalendala ya kukhitchini,
ndimamata kamtima kofiira kochokera m'bokosi la mankhwala.
Anayambitsa zimenezi ndi Alcide.
Iye anatsogola, n'kundisiyira galu, ngongole ya denga
ndi miyezi yoti ndizidzaza ndekha.

Kuno ku Houma madzi sauma.
Udzudzu umaswana m'matayala akale kuseri kwa galaja,
m'chitini cha penti, m'ngalande ya pamsewu,
ndipo umodzi wokha ukaluma Roux
ungamusiyire nyongolotsi yokulira mumtima,
yoonda ngati ulusi, yotalika kuposa chikhatho changa.
Anatero a dokotala Verret, akundionetsa botolo
lomwe sindinafune kuliyang'ana kawiri.

Mapiritsi asanu ndi limodzi, madola makumi asanu ndi awiri.
A nkhupakupa ndi utitiri, mtengo wake wapadera.
Ine ndimaphikira ana a sukulu ya pulayimale,
ndimadziwa kugawa mphika umodzi kwa ana mazana atatu,
koma malipiro anga amakana kugawika choncho.

Clovis wa nyumba yoyandikana anandipatsira nzeru pampanda:
gula a galu wamkulu, uzidula pakati,
miyezi yozizira uzidumpha, udzudzu umakhala uli mtulo.
Usiku wina ndinagwiradi mpeni.
Piritsi linanyenyeka, mbali ina yaikulu,
inayo fumbi lokhalokha,
Roux ali tcheru, mchira ukusesa pansi,
osadziwa kuti ndamuika pasikelo
pamodzi ndi bilu ya magetsi.

Januwale wa chaka chimenecho kunafunda.
Ndinapha udzudzu pamkono ndili pakhonde,
kadontho ka magazi anga kali psuu.
Pofika Epulo galu wa Clovis anali akutsokomola
ngati nkhalamba ya fodya,
kuyenda pang'ono, wagona.
Jakisoni katatu, miyezi iwiri m'khola osathamanga.
Clovis anagulitsa injini ya boti lake,
nkhanu za chaka chimenecho zinagwidwa ndi ena.
Sindinamunene. Mpeni uja unali m'dirowa yanga.
Chaona mnzako chapita.

Ndiye ndinavula manyazi, n'kupita kukafunsa.
Renelle, mtsikana wa pakauntala, anatsitsa mawu:
alipo ena, mankhwala ake omwewo,
kungoti bokosi lake lilibe chithunzi cha galu woseka.
Mukagula a chaka chonse amatsitsako.
Loweruka loyamba, kumalo osungira agalu osowa kwawo,
amayeza magazi pa madola khumi,
koma mulawirire, mzere umafika kumsewu.

Ndinalawira. Ndinaima pakati pa mnyamata wa agalu atatu
ndi mayi wonyamula kagalu m'chikwama,
tonse tikuwerenga ndalama mobisa,
tonse tikuyankhula ndi agalu athu m'malo moyankhulana.

Matayala aja ndinawakhuthula, n'kuwaboola.
Udzu ndimatchetcha usanafike m'kakolo.
Madzulo ndimamupesa Roux pakhonde,
zala zikufufuza kuseri kwa makutu, pakati pa zikhadabo,
nkhupakupa ndikaipeza ndimaimiza mu spiriti
m'kabotolo ka jamu.
Matchanelo a mpira omwe Alcide ankaonera ndinawadula.
Zinandipweteka kuposa mmene ndinkaganizira,
nyumba inangoti zii Lamlungu lonse.
Ndalama yake imalowa m'chitini cha khofi,
pachivundikiro ndinalembapo dzina la galu.

Chimodzi chokha Renelle sanandiuze:
bokosi lotchipa limabwera lopanda timitima tomata.

Choncho tsiku loyamba likakwana
ndimabisa piritsi lathunthu m'kachidutswa ka soseji,
Roux n'kumeza osatafuna, wadyera ameneyu,
kenako ndimatenga cholembera chofiira
n'kujambula ndekha kamtimako.
Kamatuluka kokhota, mbali ina yaikulu,
dzanja langa silinaphunzire zojambula.
Iye amagona pamapazi anga, ine n'kuika chikhatho pachifuwa chake
kumvetsera kogunda m'katimo,
kopanda mlendo.