Maola Asanu ndi Atatu

Ndinafika pakhomo pawo isanakwane eyiti koloko,
magolovesi oyera, galimoto yakuda bii yopukutidwa kawiri.
Papepala analemba kuti: Mayi Kuwabara,
maola asanu ndi atatu, malo otchuka a Kyoto.
Ndinkayembekeza mlendo wa chikwama chamatayala.
Munatuluka mayi wa ndodo,
nakhoma chitseko, nachigwedeza,
nachigwedezanso.

“Ndinabadwira mumsewu uno,” anatero atakhala,
“koma kachisi wagolide uja ndimangomuonera pakalendala.
Malemu amuna anga ankati alendo ayambe achepa.
Zaka makumi asanu, alendo osachepa.”

Ndinayamba mawu anga a masiku onse,
chaka chimene anamangidwa, chaka chimene anapsa,
iwo ali kalikiliki kuwerenga mabasi.
Padziwe paja, golide ali waliwali m'madzi,
anaima kumbuyo kwa ana asukulu a zipewa zachikasu,
nasuzumira pakati pa mafoni okwezedwa m'mwamba.
“Kani ndi wamng'ono chonchi?”
Sitinathepo mphindi khumi.

Ku Arashiyama nsungwi zinkakhulana kunsonga,
kwii, gogogo, kwii.
Apo ndiye anatsinzina.
Anthu ankatilambalala ngati madzi pamwala,
ine nditagwira ambulera yomwe sinafunike.
Zala zawo zinkayenda pandodo,
kukoka, kuponya, kukoka.
“Makina athu owombera nsalu ankalira chomwechi
ulusi ukatsala pang'ono kuduka.
Pindani pepala lanulo, a Shimazu.
Kotsalaku ndikulondolerani ndine.”

Tinalowa tinjira ta ku Nishijin
tomwe magalasi a galimoto amanunkhiza makoma.
Apa, akuti, pankagulitsidwa tofu usiku usanathe.
Ndinaona makina ogulitsa zakumwa.
Apa pankanyikidwa ulusi, ngalande n'kufiira mpaka madzulo.
Ndinaona malo oimika magalimoto anayi.
Apa ankakhala Tomoe, wamkamwa ngati lumo,
amene anandibwereka lamba wa kimono osabweza.
Ndinaona hotela, mzungu akusuta pakhonde.
Ine amene ndadya zaka khumi ndi ziwiri
ndikuloza ndi golovesi kuti onani uko, onani uku,
ndinangoti chete, n'kumakhota kumene ndauzidwa.

Masana tinakhala m'mbali mwa mtsinje wa Kamo.
Anamasula kansalu: mibulu iwiri ya mpunga,
pakati pali chipatso chowawasa chamchere.
Lamulo la kampani silindilola kudya za okwera.
Ndinadya.
Wawo asanaulume n'komwe,
kabawi anatsika kuchokera kumsana, psiti!
Chala chili balabala timagazi,
mayi aja anaseka mpaka kutsokomola,
anaseka mpaka kakowa wa pamwala anasamuka.
“Mzinda uno,” anatero akupukuta misozi,
“sunasiye kundilanda chakudya kukamwa.”

Ku Fushimi zipata zofiira zinakwera phiri osatidikira.
Anadutsa zisanu ndi ziwiri, bondo linakana.
Anagwira mzati, nawerenga dzina la amene anaupereka,
kampani ya mapaipi ya ku Osaka,
nagwedeza mutu ngati amva za wachibale.

Dzuwa litapendeka ndinayatsa chizindikiro chokhotera kwawo.
“Ayi. Kusiteshoni.
Katundu anatsogola Lachiwiri.
Mwana wanga ali ku Sendai, wandikonzera chipinda
choyang'ana khoma la sitolo.
Ogumula abwera Lolemba.”
Panatsala mphindi makumi anayi zolipiridwa kale.
Ndinazungulira njira yaitali, ya m'mbali mwa mtsinje.
Anadziwa. Sananene kanthu.

Pasiteshoni anawerama, ndinawerama kuposa apo,
khamu linawameza ndi ndodo yawo yomwe.

Usiku, ndikusesa mpando wakumbuyo,
ndinapeza kiyi womangidwa ku kachingwe ka silika,
wogonekedwa bwinobwino pakati penipeni pa mpando.
Fomu ya zinthu zoiwalika ili ndi mizere itatu:
tsiku, chinthu, mwini wake.
Tsiku ndalemba.
Cholembera chikadali m'manja,
injini ikuzizira, thi, thi, thi.