Makumi Atatu ndi Limodzi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu
pamene anandipatsa fosholo yaifupi
n'kundiuza kuti: dzala.
Ndinadzala usiku, m'mbali mwa njira ya kuchitsime,
kum'mawa kwa Luena,
m'munsi mwa mitengo ya mango isanayambe n'kubala komwe.
Mbewu yosafuna mvula,
yosafuna kupalira,
yongodikira phazi.
Ndinawerenga, poti mwana amawerenga chilichonse:
mabomba makumi atatu ndi limodzi.

Lero imvi zafika mpaka m'ndevu
ndipo ndabwerera pomwepo, chogwada.
Kanjira kanga n'ka mita imodzi m'lifupi.
Kutsogolo zikhomo za mitu yofiira,
kumbuyo za mitu yoyera,
pakati udzu umene ndimameta ndi sizasi
ngati tsitsi la khanda.
Galasi lakumaso lachita nthunzi ndi mpweya wanga.
Chovala chapachifuwa chikulemera ngati ngongole.

Makina onunkhiza chitsulo sadziwa kusankha.
Amalirira msomali,
amalirira chitsekero cha botolo, supuni yopindika,
chitini cha nsomba chimene mwina ndinadyera ine ndemwe.
Kulira kulikonse ndimakukhulupirira.
Ndimakumba chammbali,
dothi la chikhatho chimodzi,
kenako lina.

Kapitawo wathu ndi Kutemba, mwana wanga wachiwiri.
Akaliza wezulo ndimaima,
akati bwererani ndimabwerera.
Kuntchito ine si bambo ake,
ndine Nambala Seveni.
Tikalipeza bomba sitilinyamula ayi.
Dzuwa likapendeka timaliphulitsira pomwepo,
nthaka imatsokomola kamodzi, akhwangwala n'kubalalika.
Iye amalemba m'buku.
Ine ndimalemba m'mutu.

Mayi Nyakashinde amabwera m'mawa uliwonse
kudzaima kuseri kwa chingwe, atatsamira ndodo.
Mwendo wawo wamanzere ndi wapulasitiki
koma amauveka patapata ngati unzakewo.
Munda uno ndi wawo.
Zaka zonsezi mango akhala akugwa n'kuwolera pansi
adzukulu awo akungomeza mate patali.
Amafunsa: nanga chinangwa ndidzala liti?
Amatimasulira mtedza wokazinga pakansalu.
Ndimalandira ndi manja awiri
koma pakhosi sudutsa.

Lachinayi lapitali tinafika pachitsime.
Buku likuti makumi atatu.
Anzanga anavula magalasi, wina anaimba,
wina anagona chagada pa dothi loyeretsedwalo.
Ine ndinapempha kuti tibwerezenso
mzere wa pamtengo wachitatu.
Tinabwereza. Misomali iwiri.

Mvula imasuntha zinthu, ndikudziwa.
Mwina nguluwe inaliponda kalekale
ine ndili kutali, palibe anamva.
Mwana wamantha, mumdima, mfuti ili kumsana,
akhoza kuphonya chiwerengero.
Kapena lotsalalo linapezeka kale
ndipo limabwera m'mawa uliwonse
kudzaima kuseri kwa chingwe
ndi mtedza pakansalu.
Sindinawafunsepo kuti anaponda pati.
Lilime limafika pamano n'kubwerera.

Mawa tikupereka munda kwa eni ake.
Tisanaupereke, mwambo wathu ndi wakuti
ife okumba tiyambe tauyenda tokha
anthu akuona.

Usiku uno Kutemba wandipeza kuseri kwa tenti
ndikupinda zala, kutambasula, kupindanso.
Sanati Nambala Seveni.
Wati: bambo, mukuwerenga chiyani?
Ndayang'ana nsapato zake, zonse ziwiri,
zingwe zomangidwa bwino monga ndinam'phunzitsira
tsiku loyamba kupita kusukulu.

Ndati: mawa ndiloleni nditsogole ine.
Inu nonse mutsale kumbuyo, patali ndithu.
Ndikayenda kuchokera kumsewu mpaka kuchitsime,
kuzungulira mtengo uliwonse,
ndipo sindikanyang'ama.
Ndikaponda ndi thupi lonse.